Kagalu Pansi pa Tebulo

Werengani: Mateyu 15:21-28 na Miyambo 12:10



Ngati pa yadi panu pali kagalu, mudziwa zimene kamachita nthawi ya nsima. Amayi akangoyamba kupakula, iko kafika kale, kakhala pafupi na mapazi a ana, maso ali pa dzanja. Mukakakalipira kuti "Choka iwe, Tiger!" kamangofika pa khomo, kagona pang'ono, kenako kabweranso. Ndipo mwana wamng'ono uja, amene amakanyamula monga khanda, amagwetsa dala nthongo ya nsima na mutu wa kapenta. Kagalu kadziwa kuti chakudya chili kuno, sikapita kwina.

Manje onani mayi wa ku Kanani mu Mateyu 15. Mwana wake wamkazi anali kuzunzidwa na chiwanda. Anafuula kwa Yesu, Yesu osayankha olo liwu limodzi. Ophunzira anati amuchotse, achita chongo. Pamene Yesu anakamba, anamuyerekeza na tiagalu timene sitiyenera kupatsidwa chakudya cha ana. Inu mukanachita bwanji? Ambiri a ife tikananyamula chitenge n'kubwerera kunyumba, osapondanso pa tchalitchi. Koma mayi uyu anagwada, navomera dzinalo, nakumbutsa Ambuye kuti tiagalu nato timadya zakugwa pa tebulo la mwini wake. Yesu anatamanda chikhulupiriro chake, ndipo mwana anachira nthawi yomweyo.

Liwu la Chigiriki limene lili pa vesi iyi ni kunarion, kutanthauza galu wamng'ono. Mayi uja anagwira pamenepo: ngati ndine kagalu, ndiye kuti ndili na mbuye, ndipo mbuye ali na tebulo.

1. Khalani pafupi, olo kumwamba kuli zii. Mwina mwapempherera ntchito chaka chonse. Mwina landilodi wakupatsani masiku, mwina mvula ikagwa mu Kanyama madzi amalowa mpaka pa bedi. Kukhala chete kwa Yesu sikunali kukana. Mayi uja akanachoka pa vesi 23, sakanamva za vesi 28.

2. Musadye pa chishala. Mu komboni muli agalu ambiri oyenda okha, otokosa zinyalala usiku. Njala yawo ni imodzimodzi na ya kagalu kanu, koma alibe khomo lobwererako. Mkhristu akakhumudwa, amayamba kufuna thandizo paliponse: kwa ng'anga, pa betingi, pa kaloba. Zimakhutitsa lero, mawa zidwalitsa nyumba yonse.

3. Zakugwa za Yesu n'zokwanira. Mayi uja sanapemphe mpando. Anadziwa kuti kachidutswa ka mphamvu ya Yesu kakwana kutulutsa chiwanda. Ndipo inu amene munamulandira simulinso pansi pa tebulo. Yohane 1:12 ikuonetsa kuti munapatsidwa mphamvu yokhala ana. Ngati wakunja analandira chotere, nanga mwana wa m'nyumba?

Tsopano mawu kwa eni agalu. Miyambo 12:10 imaphunzitsa kuti chilungamo cha munthu chimaonekeranso pa mmene amasamalira chiweto chake. Kagalu kamene kamagona na ana anu kafunika katemera wa chiwewe kakakwanitsa miyezi 3, ndipo muzikabwereza monga adokotala a ziweto akuuzirani. Ofesi ya zaziweto ya boma ilipo, komanso ku UNZA kuli chipatala cha ziweto. Chiwewe chikaonetsa zizindikiro pa munthu, pafupifupi palibe amene amapulumuka; n'chifukwa chake dziko lonse limakumbukira matendawa pa 28 September chaka chilichonse. Mwana akalumidwa kapena kukalidwa na galu, olo akhale wa pa yadi, tsukani bala na sopo na madzi oyenda kwa mphindi 15, ndipo mupite naye ku kiliniki tsiku lomwelo. Tipemphera, inde, koma tipemphera tili pa njira. Uzaninso ana kuti asabise akalumidwa poopa kukwapulidwa.

Funso la sabata ino: N'chiyani chinakuchotsani pafupi na tebulo? Mawu a munthu wina mu mpingo? Pemphero limene lachedwa? Litchuleni pamaso pa Ambuye lero, ndipo pa cell ya mkati mwa sabata mubwere.

Pemphero: Atate, ndinakhumudwa ndipo ndinataya mtima. Ndikhululukireni pamene ndinafuna chakudya kwina. Ndabweranso pa mapazi anu, sindichoka. Khudzani mwana wanga, khudzani nyumba yanga, ndipo mundiphunzitse kusamalira zonse zimene munaika m'manja mwanga. M'dzina la Yesu, Amen.

Tumizirani m'bale amene simunamuone ku tchalitchi kwa masabata angapo.