Mankhwala Akatha pa Kiliniki, Colakwa N'ca Yani?

Kolera itabuka mu Lusaka mu October 2023, makomboni monga Kanyama, Matero ndi George anavutika kwambiri, kufikira bwalo la Heroes Stadium linasanduka cipatala mu January 2024. Pa nthawi zotere mphekesera imathamanga kuposa matenda. Mai wina akamva kuti klorini ifuna kutha, agula mabotolo asanu m'malo mwa limodzi. Anansi poona zimenezo nawonso athamangira ku kantemba. Pofika madzulo klorini yathadi, koma yaimalizitsa ndi mantha.

Akatswiri a masamu ali ndi phunziro lochedwa game theory, limene John von Neumann ndi Oskar Morgenstern analembapo buku mu 1944. Limafufuza zimene zimacitika pamene munthu aliyense asankha zocita moyang'ana zimene mnzace angacite.

Tiyeni tiyerekeze. Makiliniki atatu afuna mabokosi 100 a mankhwala a malungo iliyonse, koma ku nkhokwe kuli 240 cabe. Onse akanena zoona, iliyonse ilandira 80. Tsono ngati nkhokwe igawa molingana ndi zimene munthu waitanitsa, kiliniki imodzi yocenjera ilemba 200. Iyo ilandira 120, ziwiri zija 60 iliyonse. Mwezi wamawa onse alemba 200. Alandira 80 omwe aja, koma a ku nkhokwe aganiza kuti pafunika mabokosi 600, nagula ocuruka, ena n'kuthera masiku ali pa shelefu. Sitinganene kuti namwino wolemba 200 ndi wakuba. Iye aganizira odwala ace. Coipa ndi kagawidwe kamene kamapatsa mphoto wokokomeza. Nkhokwe ikamagawa poona m'mabuku mankhwala amene anaperekedwadi kwa odwala, bodza silipindulitsanso.

Kuno ku Zambia, mu 2009 boma linayesa njira yatsopano m'maboma ena: kiliniki iitanitse yokha ku Medical Stores Limited, katundu abwere womangidwa kale m'dzina lace. Kusowa kwa mankhwala a malungo a ana kunacepa kwambiri. Kuyambira mu 2021 nchito ya nkhokweyi ili m'manja mwa ZAMMSA.

Nanga inu a pa nyumba? Mabuku aja amalembedwa ndi mapazi anu. Mukatenga mankhwala a BP ku makiliniki awiri, munthu mmodzi mwawerengedwa kawiri, ndipo gogo wina abwerera cimanjamanja. Tengani pa kiliniki imodzi, pa tsiku limene anakulemberani pa khadi.

Coartem imwedwe mutapimidwa magazi, kasanu ndi kamodzi pa masiku atatu. Kusiyako mapiritsi kuti "adzathandiza mwana mawa" kumabweza malungo. Klorini nayo imatha mphamvu ikakhalitsa, makamaka pa dzuwa. Gulani botolo limodzi, thirani monga mwalembedwera, ndipo dikirani mphindi 30 musanamwe madziwo.