Ndere ndi ulusi pa pulopela: kusamala injini ya boti ku Songwe

Boti likayamba kuyenda mwaulesi pamene injini ikumwa petulo wambiri, eni ake ambiri amathamangira kwa makaniko kuti atsegule kabuleta. Musanawononge ndalama, pendeketsani injiniyo muone pulopela ndi kunsi kwa boti. Kumathiriro a mtsinje wa Songwe, ndi m'madoko oyandikana nawo monga Kaporo, vuto limabisala pamenepo kawirikawiri.

M'nyanja zamchere, maboti ena oyendera thanga ali ndi pulopela imene mapiko ake amapindika injini ikazimitsidwa, kuti isabweze boti m'mbuyo. Tizigoba ta m'madzi tikamera m'mfundo zake, mapikowo amakana kutambasuka, kapena limatambasuka limodzi lokha, boti lonse n'kumanjenjemera. Nyanja ya Malawi ndi yamadzi abwino, tizigoba totero mulibe, ndipo pulopela za injini za Yamaha zimene asodzi athu amagwiritsa ntchito sizipindika. Koma tili ndi zathu: ndere, udzu, mapepala apulasitiki ndi ulusi wa maukonde. Madzi a kuno ndi ofunda chaka chonse, choncho ndere sizichedwa kumera pa chilichonse chimene chagona m'madzi. Zikakuta mapiko, pulopela imazungulira koma siluma madzi bwino.

Njira yoyamba siyifuna ndalama. Mukakocheza m'mawa pochokera ku usipa, pendeketsani injini kuti mwendo wake utuluke m'madzi. Ndere sizimera pa chitsulo chouma. Pukutani mapiko ndi chiguduli kapena chidutswa cha thumba. Bulashi yawaya kapena mpeni ayi, chifukwa mapikowo ndi a aluminiyamu ndipo penti ikachoka amayamba kudyeka. Onaninso timabowo tolowera madzi tili pamwamba pang'ono pa pulopela. Tikatsekeka ndi udzu kapena pulasitiki, injini imatentha. Mukailiza, kamtsinje ka madzi kotuluka kumbuyo kazioneka. Kakasiya, zimitsani pomwepo, ngakhale anzanu akunena kuti nsomba zikupita.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ulusi, chifukwa suoneka. Kachidutswa ka matchera kapena chingwe cha mbedza kamakulungika kuseri kwa pulopela, pa mtengo wachitsulo umene imazungulirapo. Pozungulirapo ulusiwo umatentha, umalimba, kenako umadula labala yotchinga madzi kuti asalowe m'bokosi la magiya. Oyilo amatuluka, madzi amalowa, magiya amadyana mwakachetechete mpaka tsiku limene injini idzangolira boti osasuntha. Tsiku limenelo likagwa nyengo ya mwera, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, muli kutali ndi gombe, nkhani si ya ndalama zokha ayi.

Choncho kamodzi pa mwezi masulani pulopela. Ikani giya pakati, zulani zipewa za mapulagi kuti injini isalire mwangozi, ndipo panikizani kathabwa pakati pa phiko ndi chitsulo chophwatalala chili pamwamba pake. Wongolani kapini, masulani nati, ndipo zonse zimene mukuchotsa muziyale pa nsalu motsatana, osati pamchenga, kuti muzibwezere momwe zinalili. Chotsani ulusi wonse, pakani girizi wosachoka ndi madzi pa mtengowo, bwezerani. Kapini kakale kakathyoka, gulani kena. Mukaikapo msomali wopinda m'malo mwake, umachita dzimbiri ndipo pulopela ingatayike pakati pa nyanja. Mukamaliza, masulani pang'ono sikulu yakunsi ya bokosi la magiya muone oyilo. Akatuluka wotuwira ngati tiyi wamkaka, madzi alowa kale. Kusintha oyilo kokha sikukwanira, pitani nayo kwa makaniko asinthe labala. Mabuku a injini zambiri amati oyilo ameneyu azisinthidwa pakatha maola 100 a ntchito.

Nyengo yamvula Songwe amabwera ndi matope, mchenga, bango ndi zipika kuchokera kumapiri. Podutsa pamathiriro chepetsani moto, ndipo posaya kwezani injini mupalase ndi nkhafi. Mchenga umadya kalabala kopopa madzi m'kati mwa injini, pamene chipika chimapinda phiko. Phiko lopindika limagwedeza injini yonse.

Kunsi kwa boti nakonso kumafuna manja. Likokereni kumtunda, ndere ziume pang'ono, mukhule ndi thumba ndi mchenga wonyowa. Musalisiye masiku ambiri padzuwa la Karonga, chifukwa matabwa amang'aluka ndipo boti lidzayamba kudontha. Ntchitoyi ichitikire pamtunda. Kuima m'madzi odikha a m'mabango ndi kudziitanira likodzo, ndipo kumathiriro a mitsinje ng'ona sizisowa. Ana amene amakonda kuthandiza akhale pouma.

Ena amapaka oyilo wakutha kunsi kwa boti poganiza kuti ndere ziopa. Ena amasirira penti ya mankhwala ya zombo za m'nyanja zamchere, chonsecho mtundu wina wa penti imeneyo, wa TBT, unaletsedwa pa zombo za dziko lonse lapansi kuyambira 2008 chifukwa umapha zamoyo za m'madzi. Pagombe pomwepo amayi amatunga madzi, kutsuka mbale ndi kusambitsa ana. Abale anga asodzi, oyilo wakutha muthire m'chigubu, mupite naye kumtunda.