Kalavani yatichepera, ndigule yaikulu?

Funso: Ndimakhala ku Pretoria. Ana akula ndipo kalavani yathu yatichepera. Ndapeza yaikulu ya Jurgens, yogwirapo kale ntchito. Kodi amene ali nazo amakumana ndi zotani? *Bambo wa ana atatu*

Yankho: Bambo, yambani mwaona laisensi yanu. Ku South Africa, Code B imalola kukoka ngolo yosapitirira makilogalamu 750. Kalavani ya banja imalemera kuposa pamenepo, ndiye pafunika EB. Onaninso m'buku la galimoto yanu kuti ingakoke katundu wolemera bwanji.

Chomwe chimawaliza kwambiri eni ake ndi madzi. Mvula imalowera padenga ndi m'mphepete mwa mawindo, n'kuwoletsa matabwa a m'kati popanda wodziwa. Tsegulani makabati a m'makona, mununkhize ngati mukumveka chinyontho. Dinikizani khoma m'munsi mwa windo ndi chala. Likakhala lofewa, isiyeni ndithu, ngakhale wogulitsa atsitse mtengo chotani, chifukwa kukonza kwake kumadya ndalama zambiri.

Matayala asakunyengeni ndi maonekedwe. Kalavani imakhalitsa osayenda, choncho tayala limachita ming'alu lisanaperepeseke. Manambala anayi omaliza pambuyo pa zilembo za DOT zolembedwa pa tayala amanena zaka zake: 2318 ndi sabata la 23 la chaka cha 2018. Likadutsa zaka zisanu, konzekerani kugula ena.