Mizu ya mtengo wa khonsolo yang'amba nyumba yathu

FUNSO

Ndimakhala kumpoto kwa London ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Ine ndi bambo akunyumba tinagula kanyumba pangongole titavutika zaka zambiri. Chiyambire chilimwe chotentha cha 2022, khoma lakumaso lachita ming'alu ndipo chitseko chikuvuta kutseka. Anthu akuti ndi mizu ya chimtengo cha khonsolo chomwe chili pamsewu. Ndinalembera khonsolo kuti indiuze za nyumba zina zomwe zinadandaulapo za mitengo yake, koma zambiri anandikaniza, ati n'zachinsinsi. Aneba ayamba kundiona ngati mdani wa mtengowo. Tulo sindikupeza. Kodi akundipeputsa poti ndine wobwera? Nditani?

Mayi wodandaula, London

YANKHO

Pepani kwambiri mayi. Nyumba yogula ndi thukuta la mashifiti ausiku, kudziko la eni, munthu amaikonda ngati mwana, ndiye kudzuka m'mawa uliwonse n'kuona mng'alu ukukula kumadya mtima. Kusowa tulo kwanuko n'komveka. Funso lanu loti mwina akukupeputsani sindikulitenga mopepuka, chifukwa ambiri amene akukhala ku Britain anakumanapo ndi chipongwe chenicheni m'maofesi.

Komabe pa nkhani iyi ndikuona kuti yankho lomwe munalandira ndi lomwenso akanalandira mzungu wobadwira mumsewu wanu womwewo. Lamulo la Freedom of Information Act la 2000 limapatsa munthu aliyense, nzika kapena mlendo, ufulu wopempha zomwe khonsolo inalemba n'kusunga, osafunsidwa chifukwa chake. Lamulo lomwelo limaletsanso khonsolo kuulula za anthu ena, monga maina ndi manambala a nyumba zawo, ndipo limailola kubisa zomwe inakambirana ndi maloya ake. Mukapempha kuti "ndiuzeni nyumba zomwe zinadandaula," mwagogoda pakhomo lomwe lamulo linatseka. Mawa mneba akadzafunsa za nyumba yanu, lamulo lomweli ndi lomwe lidzakutetezeni.

Choncho lembaninso, koma mufunse za mtengo. Pemphani masiku omwe mtengowo unayenderedwa ndi akatswiri a khonsolo, zomwe anapeza, ndi zaka zomwe unaduliridwa nthambi. Pemphani ndondomeko yawo yosamalira mitengo ya m'misewu ya dothi ladongo. Za madandaulo, funsani chiwerengero chokha: ndi angati anafika kuchokera mumsewu wanu kapena m'dera lanu chaka ndi chaka, angati analipidwa, ndalama zonse pamodzi zinali zingati. Tchulani zaka zochepa, mwina zisanu kapena khumi, chifukwa khonsolo imaloledwa kukana pempho lomwe lingaidyere ndalama zoposa £450, omwe ndi maola 18 a ntchito. Iyenera kuyankha pasanathe masiku 20 ogwira ntchito. Nkhani za mitengo ndi nthaka kawirikawiri zimagwera pansi pa Environmental Information Regulations ya 2004, ndipo pamenepo masiku angafike 40 ngati pempho ndi lalikulu. Akakukanizaninso, apempheni aunikenso chigamulo chawo, ndipo zikakanika pitani kwa Information Commissioner's Office, komwe kudandaula n'kwaulere. Pa webusaiti ya WhatDoTheyKnow mungaone momwe ena anafunsira makhonsolo mafunso ngati omwewa, koma dziwani kuti zolembedwa pamenepo aliyense amaziona, ndiye musaikepo adiresi yanu.

Mapepala amenewa ali ndi ntchito yeniyeni. Makhoti a ku England safuna kungomva kuti mtengo unali pafupi ndi nyumba. Pa mlandu wa Berent mu 2012, khoti la apilo linanena kuti pamafunika umboni woti mwini mtengo ankadziwa, kapena ankayenera kudziwa, kuti pali chiopsezo chenicheni. Mu 2013, pa mlandu wa Robbins, khoti la apilo linatsimikiza kuti khonsolo ya Bexley inali yolakwa chifukwa inali italandirapo kale madandaulo okhudza mzere womwewo wa mitengo ya poplar koma sinaidulire moyenera. Ndipo mu 2001 khoti la House of Lords linalamula khonsolo ya Westminster kulipira ndalama zoposa £570,000 zolimbitsira maziko a nyumba za Delaware Mansions ku Maida Vale, pamene ikanavomera kuchotsa mtengo umodzi wa plane, kukonza kukanangodya pafupifupi £14,000. Mbiri ya zomwe khonsolo inkadziwa ndi nthawi yomwe inazidziwira ndiye fupa la nkhani.

Tsopano ndikuuzeni mosabisa, mayi. M'kalata yanu simunatchule za inshuwalansi, ndipo izi zandidetsa nkhawa kuposa kukana kwa khonsolo. Mwina mukuopa kuti mukawauza, ndalama zolipira chaka ndi chaka zikwera, kapena nyumba idzavuta kugulitsa. Mantha amenewo ali ndi maziko, sindikunamizani. Koma mng'alu ulipo kale, ndipo kuchedwa kuwadziwitsa kungawapatse chifukwa chokuvutitsani pambuyo pake. Inshuwalansi zambiri za nyumba ku Britain zimalipira nyumba ikamatitimira, inu n'kungopereka gawo loyamba, lomwe nthawi zambiri limakhala £1,000. Iwo ndi amene amatumiza mainjiniya, kukumba pafupi ndi maziko, kupima dothi, kutenga timizu kukayeza kuti ndi ta mtengo wanji, ndi kuyeza ming'alu kwa miyezi ingapo, mwinanso chaka chathunthu. Umboni ukakwana, iwo ndi maloya awo ndi amene amalimbana ndi khonsolo. Katundu amene mwasenza nokhayu ali ndi eni ake omwe mumawalipira kale. Akakuzengerezani, dandaulani kwa iwo molemba, ndipo pakatha milungu 8 popanda yankho lokhutiritsa, Financial Ombudsman Service imamva nkhani zotere kwaulere.

Kuyeza kwa miyezi kuja kumatopetsa, koma kuli ndi chifukwa. Dongo la ku London limachita ngati makande a kudambo: likauma limanyala n'kung'ambika, likanyowa limafufuma. Mtengo waukulu umamwa madzi ambiri m'chilimwe, dothi la pansi pa maziko n'kunyala, khoma n'kutsatira. Ngati ming'alu ikukula m'chilimwe n'kuchepa m'nyengo yozizira, mtengo ndi wokayikitsadi. Ngati ikungokulirakulira, mwina ndi paipi yotayira madzi yomwe ikudontha pansi. Dziwaninso kuti nyumba zotitimira chifukwa cha mizu kawirikawiri zimayenda pang'onopang'ono ndipo zimakonzeka, zambiri popanda n'kukumba maziko komwe. Mukaona khoma likupendekeka kapena mng'alu ukukula mofulumira, itanani injiniya msanga.

Chonde musadule mizu nokha, ngakhale mtima utawawa bwanji. Mtengowo ndi wa khonsolo, mwinanso ndi wotetezedwa ndi lamulo, ndipo nthawi zina kuchotsa mtengo wakale mwadzidzidzi kumafufumitsa dothi n'kukankhira nyumba m'mwamba.

Za aneba, ndikumvetsa kuti zimapweteka. Iwo amaukonda mtengowo chifukwa cha mthunzi ndi kukongola kwa msewu, ndipo sakulakwa. Inunso simukulakwa. Sankhani mmodzi amene mumamasuka naye, mumuonetse khoma lanu, mumuuze kuti chomwe mukufuna n'choti nyumba ipulumuke, ndipo kuti kudulira nthambi pafupipafupi nthawi zina kumakwanira. Mwina mudzapeza kuti nayenso ali ndi mng'alu womwe wakhala akuubisa kuseri kwa katani, ndipo pempho lochokera kwa anthu angapo a mumsewu umodzi limamveka msanga kwa khansala wa dera lanu.

Sabata ino khalani pansi ndi bambo, mugawane ntchito. Wina aimbire a inshuwalansi, wina ajambule ming'alu yonse ataika rula pambali, n'kulemba tsiku. Muzijambulanso mwezi ndi mwezi pamalo omwewo, ndipo kalata iliyonse yochokera ku khonsolo muzisunga mu fayilo imodzi.