Dzanja lanu lidziwe "rub" ndi "stroke"

Ana anga amene mukukonzekera kukasamalira okalamba ku Britain, pali mawu awiri a Chingerezi oti muwamvetse musanakwere ndege: "rub" ndi "stroke". Kusukulu tinkangoti onsewo ndi kusisita. Ine ndinapita nako kumva kotereku, ndipo amene anamva ululu wake ndi gogo wina wa zaka zoposa 90.

"Rub" ndi kutikita. Dzanja limakanikiza, kupita n'kubwerera pamalo amodzimodzi mpaka khungu litenthe, monga timachitira ndi msana wa munthu amene waweruka kumunda. Labala yofufutira pensulo ija dzina lake linachokera pomwepa. "Stroke" ndiye kusisita kwenikweni: dzanja lopepuka, loyenda mbali imodzi, kulinyamula n'kuyambiranso, ngati mayi pamutu pa mwana wotentha thupi.

Mwezi wanga woyamba ndinapeza chidendene cha gogoyo chitafiira. Ndinachita zomwe tinakula nazo kwathu: kutapa mafuta, n'kutikita kuti magazi ayende. Gogo anakoka mwendo, osatulutsa mawu. Namwino atalowa anandigwira pamkono. Khungu la nkhalamba ndi lopyapyala ngati khoko la anyezi, ndipo pamene pafiira chifukwa chogonera mbali imodzi, mnofu wamkati umakhala utavulala kale. Ukatikita ukukumba bala. Bungwe la NICE, lomwe limapereka malangizo a zaumoyo ku England, linalemba mu 2014 kuti anthu asamatikitidwe khungu pofuna kupewa zilonda zogonera. Chanu n'kumutembenuza wodwalayo, kuika pilo kunsi kwa mwendo kuti chidendene chilendewere, n'kukauza namwino. Ngakhale mafuta ofewetsa khungu amapakidwa mosisita, motsata kumene ubweya wagonera. Mukamusambitsa, thaulo muzingoligunditsa pakhungu, musakweche ngati mphika.

Kusisitanso kuli ndi malire ake. Munthu akagwidwa ndi mantha usiku, pemphani kaye musanamugwire dzanja. Tsitsi ndi nkhope musathamangireko; ameneyo ndi munthu wamkulu, analera ana ake, ndipo ena safuna n'komwe kukhudzidwa ndi mlendo.

Komanso mukamva anzanu akuti wakuti ali ndi "stroke", tsono si za kusisita ayi. Imeneyo ndi sitiroko, pamene magazi asiya kufika bwino mbali ina ya ubongo. Nkhope ikapotokera kumodzi, mkono ukalefuka, lilime likayamba kulemera, imbani 999 nthawi yomweyo.

Chidendene cha gogo uja ndinkachiyang'ana m'mawa uliwonse mpaka kufiira kuja kutatha. Usiku wina atasowa tulo anatambasula dzanja lawo pabulangete n'kundiyang'ana. Ndinafunsa ngati ndingawagwire, iwo anagwedeza mutu, ndipo ndinawasisita kuchokera pamkono kutsikira kuzala mpaka anagona.