Kaundula mmodzi, makompyuta ambiri

Ophunzira, makolo ndi akuluakulu a komiti, funso lathu mwezi uno ndi ili: kodi mapulogalamu aulere osungira kaundula, amene aliyense amaloledwa kuona ndi kusintha mmene anawalembera, angasunge kaundula mmodzi pa makompyuta angapo otalikirana? Inde, angathe. Koma tiyenera kudziwa chimene timataya pochita zimenezo.

Pulogalamu yotere amaitcha database. Ya mtundu wa relational imasunga zinthu m'matebulo: tebulo la mayina a ophunzira, la fizi, la mayeso, onse olumikizana kudzera pa nambala ya wophunzira. Nzeruyi anailemba Edgar Codd wa ku IBM mu 1970. Aulere otchuka ndi PostgreSQL, imene inayambira ku University of California, Berkeley mu 1986, ndi MySQL ya ku Sweden ya mu 1995. Mu 2009 Michael Widenius, mmodzi mwa oyambitsa MySQL, anapatuka n'kuyambitsa MariaDB, imene Wikipedia imagwiritsa ntchito. Kuno kwathu, DHIS2, imene Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsiramo ziwerengero za zipatala, imadalira PostgreSQL. Choncho asatinamize munthu kuti chaulere n'choseweretsa.

Kaundula akakula kwambiri amamuduladula, mayina ena pa kompyuta iyi, ena pa iyo. YouTube inapanga Vitess kuti ichite zimenezi ndi MySQL, ndipo PostgreSQL ili ndi Citus. Ife pa msinkhu wathu sitidzafikako msanga. Chimene chingatikhudze ndi kukopera: kompyuta imodzi ndiyo yolembapo, inzake imalandira kope la chilichonse cholembedwa. PostgreSQL inayamba kuchita zimenezi payokha mu 2010.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Tiyerekeze kuti sukulu ili ndi ofesi ziwiri, ina ku Zomba, ina ku Mangochi. Kholo lalipira fizi ku Zomba, lalandira lisiti. Kope lisanafike ku Mangochi, kompyuta ya ku Zomba yawonongeka. Tsopano kaundula wotsala akuti mwanayo sanalipire, pamene lisiti lili m'thumba mwa bambo ake. Palibe wakuba, palibe wonama, koma mwana akhoza kubwezedwa pa geti.

Mankhwala ake alipo. Kuyambira 2011 PostgreSQL tingaiuze kuti isavomereze malipiro mpaka kompyuta inayo itayankha kuti yalandira. Tikatero fizi siisowanso. Koma tsiku limene netiweki yaduka, kalaliki adzangokhala akuyang'ana kompyuta, mzere wa makolo ukutalika panja.

Wina anganene kuti, bwanji ofesi iliyonse izilemba yokha, adzagwirizanitse netiweki ikabwera? Taganizani za malo omaliza a Fomu 1 ku hositelo. Zomba yapereka kwa mwana uyu, Mangochi yapereka kwa uyo, onse alipira. Netiweki ikabwera, kompyuta siingadziwe woyenera bedi ndani. Adzaweruza ndi anthu, ndipo banja lina lidzabwerera likudandaula.

Eric Brewer anafotokoza vutoli mu 2000, ndipo Seth Gilbert ndi Nancy Lynch analitsimikiza mwa masamu mu 2002. Mwachidule, kulumikizana kukaduka tiyenera kusankha: kaya makompyuta onse anene chimodzimodzi ngakhale ena aleke kugwira ntchito, kaya onse apitirize ntchito ngakhale asiyane zonena. Lamuloli limagwira pulogalamu yaulere ndi yogula mofanana. Wogulitsa akatilonjeza zonse ziwiri nthawi imodzi, timufunse bwinobwino.

N'chifukwa chake Galera, imene imalola makompyuta angapo a MariaDB kulembapo onse, imayenda bwino akakhala atatu. Imodzi ikadukana ndi anzake, awiri otsalawo ndiwo ambiri, amapitiriza. Yotsala yokhayo imakana kulandira ntchito kufikira italumikizananso nawo.

Maganizo athu ndi akuti pa ndalama ndi pa malo a ophunzira, kudikira kuli bwino kuposa kusiyana mawu. Kaundula wa amene abwera kusukulu lero, ameneyo akhoza kuchedwa kugwirizana popanda wolira.

Akuluakulu a komiti akumbukirenso ichi: kope lotere silitchinjiriza ku dzanja lolakwitsa. Kalaliki akafufuta dzina mwangozi, kufufutako nakonso kumakopedwa nthawi yomweyo. Pamafunikabe kope lina lapadera, lotengedwa tsiku ndi tsiku, losungidwa kwina, ndipo wina aziliyesa ngati likutsegukadi.