Kuunika Kofooka pa Ulendo

Nkhuni zikapsa, mphamvu yace siitayika: isanduka kutentha ndi kuunika. Cifukwa ninji? M'caka ca 1918 Emmy Noether, mai wodziwa masamu wa ku Germany, anaonetsa kuti mphamvu isungika pamene macitidwe a cilengedwe ali lero monga anali dzulo.

Tsono kuseri kwa nyenyezi zimene muziona usiku ku Pembamoyo kuli magulu ena a nyenyezi. Mu 1929 Edwin Hubble anapeza kuti akutaliwo alikutithawa, pakuti thambo lonse lirikufutukuka. Kuunika kwao kutanuka panjira, kufiira, nikufika ndi mphamvu yocepa. Mphamvu yotsalayo musaifune kwina: thambo la lero silifanana ndi la dzulo, cotero lamulo lija siligwira kumeneko. Koma pa mafuwa anu ligwirabe.